Mphindi Zochepa Pansi, Maola Ambiri Pokwera: Mbiri ya Chitetezo cha Osambira M'madzi Akuya

Mu Ogasiti 1996, Nuno Gomes, katswiri wosambira pansi pa madzi wa ku South Africa, adalowa m'phanga lodzaza madzi la Boesmansgat m'chigawo cha Northern Cape n'kufika pa kuya kwa mamita 282. Kutsika kudamutengera mphindi zosakwana 20, ndipo pansipo sadakhalitsepo. Koma kuti abwerere kumtunda ali moyo, ziwalo zake zikugwira ntchito, adakhala m'madzimo maola pafupifupi 12. Ankakwera pang'ono, n'kuima, n'kukweranso, uku akusintha mpweya wopuma pa malo amene adali atawerengeratu.

Ndondomeko imene Gomes adatsatira idali ndi mbiri ya zaka zoposa 150 kumbuyo kwake. Idayambira m'migodi ndi pansi pa milatho, idadutsa m'chipinda choyesera mbuzi ku London, idakonzedwanso ndi asilikali a pamadzi, kenaka idafika m'manja mwa anthu wamba okonda kulowa m'mapanga ndi m'zombo zomira. Kwa wophunzira zaumoyo wa anthu, mbiri imeneyi ili ndi zinthu ziwiri zoyenera kuziganizira. Ikuonetsa mmene lamulo lachitetezo limabadwira, komanso mmene lamulo looneka lanzeru lingafalikire lisadayesedwe. Ikuonetsanso kuti matenda amene njira yowapewera idalembedwa mu 1908 akulumazabe anthu mpaka lero, makamaka amene amalowa m'madzi pofuna kudyetsa mabanja awo.

Zimene zimachitika m'thupi

Mu mpweya umene munthu amapuma, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni ndipo magawo 21 ndi okosijeni. Thupi limagwiritsa ntchito okosijeni, koma nayitirojeni amangosungunuka m'magazi ndi m'minofu osachitamo kanthu. Munthu akamatsika m'madzi, kulemera kwa madziwo kumamupanikiza: pa mamita 10 kupanikizako kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi kumtunda, pa mamita 30 kanayi, pa mamita 90 kakhumi. Chipangizo chopumira chimamupatsa mpweya wopanikizika mofanana ndi madzi omuzungulira, choncho akamapita mozama ndi kukhalitsa, nayitirojeni wosungunuka m'thupi amachulukirachulukira.

Vuto limabwera pokwera. Kupanikiza kukachepa pang'onopang'ono, magazi amanyamula nayitirojeniyo kupita naye m'mapapo ndipo amatuluka popuma. Kukachepa mofulumira, amasanduka timathovu, monga zimachitikira munthu akatsegula botolo la chakumwa cha gasi mwadzidzidzi. Timathovuto tikakhala molumikizana mafupa timayambitsa ululu waukulu. Tikafika mu mtsempha waukulu wa mumsana timabweretsa dzanzi, kufa kwa miyendo ndi kulephera kukodza. Tikafika m'kati mwa khutu munthu amachita chizungulire ndi kusanza, ndipo tikadzaza m'mitsempha ya m'mapapo amabanika, mwinanso kufa. M'Chingerezi matendawa amatchedwa decompression sickness. M'nkhani ino atchulidwa kuti matenda a timathovu.

Woyamba kulemba za chizindikiro chake adali Robert Boyle. Mu 1670 adaika njoka m'chiwiya chagalasi, n'kupopa mpweya kuuchotsamo, ndipo adaona kathovu kakuyendayenda m'diso la njokayo. Padapita zaka pafupifupi 170 kuti zimene adaonazo zisanduke vuto la anthu.

Matenda a antchito okumba

Mu 1841 injiniya wa ku France, Jacques Triger, ankafuna kufika pa malasha amene adali pansi pa mchenga wodzaza madzi ku Chalonnes, m'mbali mwa mtsinje wa Loire. Adamiza chipaipi chachikulu chachitsulo n'kupoperamo mpweya kuti ukankhe madzi, anthu n'kumakumba m'katimo pouma. Njirayi idagwira ntchito, koma ena mwa antchito adayamba kumva kupweteka m'manja ndi m'mawondo atangotuluka. Mu 1854 madokotala awiri a m'migodi ya kumpoto kwa France, Pol ndi Watelle, adalemba kuti antchito sadwala ali m'kati koma akatuluka, ndiponso kuti wodwala akabwereranso mu mpweya wopanikizika ululu umachepa. Mfundo ziwirizi ndizo maziko a kapewedwe ndi kachizidwe ka matendawa mpaka pano, koma omanga milatho a m'zaka zotsatira sadazilabadire kwenikweni.

Ku America, maziko a milatho ikuluikulu ankakumbidwa m'zimabokosi zotseguka kunsi zotchedwa caisson. Pa mlatho wa St. Louis wowoloka mtsinje wa Mississippi, umene James Eads adautsiriza mu 1874, antchito adafika pa kuya kwa mamita pafupifupi 30, ndipo anthu oposa 10 adamwalira. Poyamba Eads adagawira antchito zibangili zazinki ndi siliva pokhulupirira kuti ziwateteza. Ena ankaloza chala antchitowo, kuti amamwa mowa kwambiri kapena sadya mokwanira. Dokotala wa pantchitoyo, Alphonse Jaminet, adadzionera yekha choonadi mu 1870 pamene adatuluka m'bokosi m'mphindi zochepa chabe n'kufa miyendo kwa kanthawi.

Pa mlatho wa Brooklyn ku New York, dokotala Andrew Smith adalemba za odwala 110 ndipo adapatsa matendawa dzina lakuti caisson disease. Antchito okha ankawatcha the bends, chifukwa wodwala ankayenda chowerama. Mkulu wa ntchito yonse, Washington Roebling, adadwala kwambiri mu 1872 ndipo sadachire bwinobwino. Mkazi wake, Emily Warren Roebling, ndiye ankapita pamalo antchito ndi malangizo ake mpaka mlathowo udatsegulidwa mu 1883. Antchito atatu atamwalira ku bokosi la mbali ya Manhattan, Roebling adalamula kuti kukumba kuime pa mamita pafupifupi 24, asadafike pa thanthwe paliponse monga adafunira poyamba. Smith adalangiza kuti pakhale chipinda chobwezeramo odwala mu mpweya wopanikizika, koma sichidamangidwe. Chipinda choterocho chidayamba kugwira ntchito cha m'ma 1890 pa ngalande yodutsa pansi pa mtsinje wa Hudson, pamene injiniya Ernest Moir adachiika pakhomo pa ngalandeyo, ndipo imfa za antchito zidatsika kwambiri.

Nthawi yomweyo, zovala za chisoti chamkuwa zopoperedwa mpweya kuchokera m'boti zidafika kwa asodzi a masiponji a pa zilumba za Kalymnos ndi Symi ku Greece, kenaka kwa osaka zigoba za ngale ku Broome ku Australia. Zovalazo zidawathandiza kupita mozama ndi kukhalitsa pansi, koma zidabwera zopanda malangizo a kakweredwe. Amuna ambiri adamwalira, ndipo ochuluka adabwerera kumudzi atafa miyendo.

Paul Bert ndi mbuzi za Haldane

Chifukwa chenicheni cha matendawa chidatsimikizidwa ndi Paul Bert wa ku Paris. M'buku lake la 1878, La Pression barométrique, adaonetsa poyesa nyama kuti timathovu timene timapezeka m'magazi ndi ta nayitirojeni. Adalangiza kukwera pang'onopang'ono ndi kupatsa wodwala okosijeni. Adapezanso chinthu china chimene chidadzavutitsa osambira m'tsogolo: okosijeni akapanikizika kwambiri amasanduka poizoni ku ubongo, ndipo nyama imagwidwa ngati ndi khunyu.

Funso limene Bert adalisiya lidali lakuti pang'onopang'ono pakepo ndi motani. Asilikali a pamadzi a ku Britain adapereka funsoli kwa John Scott Haldane, katswiri wa kapumidwe amene adali atadziwika kale pofufuza mipweya yakupha m'migodi. Pamodzi ndi Arthur Boycott ndi Guybon Damant, Haldane adayesa mbuzi m'chipinda chachitsulo ku Lister Institute ku London. Adasankha mbuzi chifukwa nyama zing'onozing'ono monga mbewa zimatulutsa nayitirojeni mofulumira kwambiri kusiyana ndi munthu. Mbuzi ikagwidwa ndi ululu inkanyamula mwendo, ndipo chimenechi chidali chizindikiro chosavuta kuwerenga.

Haldane adayambira pa chinthu chimene antchito ankachidziwa kale, kuti munthu wochokera pa mamita 10 sadwala ngakhale atakhalako nthawi yaitali n'kutuluka msanga. Popeza kuchoka pa mamita 10 kufika kumtunda n'kuchepetsa kupanikiza ndi theka, iye adaganiza kuti thupi lingapirire kuchepetsa ndi theka kulikonse. Adaganizanso kuti ziwalo sizidzaza mofanana: magazi ndi ubongo zimadzaza msanga, pamene mafuta ndi malo amene magazi amayenda pang'ono amachedwa kudzaza ndiponso kutulutsa. Pa masamu ake adagawa thupi m'magulu asanu, amene amafika theka la kudzaza pa mphindi 5, 10, 20, 40 ndi 75. Kuchokera apa mudatuluka njira yatsopano: wosambira akwere msanga mpaka pamene kupanikiza kwatsika ndi theka, kenaka aziima pa mamita atatu alionse, ndipo nthawi yoima izitalika akamayandikira kumtunda.

Mu 1906 Damant ndi mnzake Andrew Catto adayesa njirayi ku Loch Striven ku Scotland ndipo adafika pa mamita 64 osadwala. Zotsatira zonse zidasindikizidwa mu Journal of Hygiene mu 1908, ndipo matebulo a Haldane adayamba kugwiritsidwa ntchito. Lamulo la theka lidadzaoneka kuti silikwanira pa maulendo akuya ndi aatali, ndipo ena adadzalikonza. Komabe maganizo ogawa thupi m'magulu ndi kuima m'masitepe ndiwo akuyendetsabe makompyuta ambiri amene osambira amavala pamkono lero.

Hiliyamu, okosijeni ndi chipinda chochizira

Kupita mozama kudavumbula mavuto ena. Mu 1915 osambira a asilikali a ku America adafika pa mamita oposa 90 pokoka sitima yoyenda pansi pa madzi ya F-4 pafupi ndi Honolulu, koma ankasokonezeka mutu mwakuti ntchito yaing'ono inkawavuta. Mu 1935 Albert Behnke ndi anzake adaonetsa kuti nayitirojeni wopanikizika ndiye amaledzeretsa. Yankho lidali kuika hiliyamu m'malo mwake, mpweya wopepuka umene suledzeretsa. Mu 1937 Max Nohl adafika pa mamita 128 m'nyanja ya Michigan akupuma hiliyamu wosakaniza ndi okosijeni. Mu Meyi 1939 sitima ya Squalus idamira pa mamita 74. Anthu 33 adapulumutsidwa, ndipo pa ntchito yoivuula osambira adagwiritsa ntchito hiliyamu kwa miyezi ingapo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Kenneth Donald wa ku Britain adayesa asilikali ambiri kuti apeze malire a okosijeni. Adapeza kuti malirewo sadziwika bwino pa munthu aliyense payekha: munthu yemweyo amene lero wapirira nthawi yaitali, mawa angathe kugwidwa m'mphindi zochepa pa kuya komweko. Munthu akagwidwa ngati wakhunyu ali m'madzi amataya chopumira n'kumira. N'chifukwa chake malire a okosijeni amaikidwa potsika kwambiri kwa aliyense.

Okosijeni yemweyo ndiye adadzakhala mankhwala. Mu 1965 Goodman ndi Workman adakonza njira yochizira pa kupanikiza kocheperako, kofanana ndi mamita 18, wodwala akupuma okosijeni mopumirapumira. Njira imeneyi, yotchedwa Treatment Table 6, imatenga maola 4 ndi mphindi 45, ndipo ndiyo ikugwiritsidwabe ntchito m'zipinda zambiri zochizira. Kupanikiza kumachepetsa kukula kwa timathovu, ndipo okosijeni amafulumizitsa kutuluka kwa nayitirojeni ndi kudyetsa minofu imene magazi adaleka kufikako.

Masamu a ku Zürich

Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga chopumira cha Aqua-Lung mu 1943, kusambira pansi pa madzi kudafika kwa anthu wamba. Iwowa adangotengera matebulo a asilikali a ku America, amene adayesedwa pa anyamata athanzi okhala ndi chipinda chochizira pafupi. Pofuna kupewa ngozi, masukulu ophunzitsa kusambira kosangalatsa adaika malire: osapitirira mamita 40, kupuma mpweya wamba, ndi kusakhalitsa mpaka kufunika kuima pokwera.

Amene ankafuna kudumpha malirewo adapeza thandizo kwa Albert Bühlmann, dokotala wa pa yunivesite ya Zürich. Iye ndiye adawerengera Hannes Keller ulendo wa mu Disembala 1962 pafupi ndi chilumba cha Catalina ku California, pamene Keller adafika pa mamita 305. Keller adapulumuka, koma mnzake Peter Small ndi wosambira wothandizira Chris Whittaker adamwalira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, asilikali ena a ku Switzerland adadwala atasambira m'nyanja ya Silvaplana, imene ili mamita pafupifupi 1,800 pamwamba pa nyanja yamchere. Kumapiri mpweya wa kumtunda supanikiza kwambiri, choncho wotuluka m'madzi amakumana ndi kusiyana kwakukulu kuposa kumene matebulo wamba adawerengera. Bühlmann adakonza masamu oganizira kutalika kwa malo, adawasindikiza m'buku mu 1983, ndipo pambuyo pake adatulutsa ndondomeko ya ZH-L16 yogawa thupi m'magulu 16. Popeza manambala ake onse adali poyera, aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta adatha kuwagwiritsa ntchito. Chaka chomwecho cha 1983 kompyuta yonyamula m'madzi ya Orca Edge idayamba kugulitsidwa.

Anthu wamba m'madzi akuya

M'zaka za m'ma 1980, osambira m'mapanga ku Florida ndi ofufuza zombo zomira kugombe la kum'mawa kwa America adayamba kusakaniza okha mipweya. Mu 1985 Dick Rutkowski adayamba kuphunzitsa anthu wamba kugwiritsa ntchito nitrox, mpweya wowonjezera okosijeni. Mu 1987 gulu lotsogozedwa ndi Bill Stone lidafufuza phanga la Wakulla Springs pogwiritsa ntchito hiliyamu ndi matebulo owerengedwa ndi Bill Hamilton. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Michael Menduno wa magazini ya aquaCORPS adafalitsa dzina lakuti technical diving. Chimene chimasiyanitsa kusambira kwa mtundu umenewu n'chakuti wosambira sangathawire kumtunda pakagwa vuto, kaya chifukwa cha denga la phanga kapena chifukwa cha nayitirojeni ndi hiliyamu amene adzaza m'thupi mwake.

Anthuwa adalibe asilikali owayesera malamulo, choncho ambiri mwa malamulo awo adachokera pa kufufuza imfa za anzawo. Sheck Exley ndiye adakhazikitsa mwambo umenewu: m'kabuku kake ka m'zaka za m'ma 1970 adatenga ngozi zenizeni za m'mapanga n'kutulutsamo malamulo, monga kukhala ndi chingwe cholozera kotulukira ndi kutembenuka atangogwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya. Exley mwiniwake adamwalira mu Epulo 1994 m'chitsime chachilengedwe cha Zacatón ku Mexico akuyesa kufika mamita 300.

Kuchokera m'zaka zimenezo mudatuluka machitidwe amene lero amaphunzitsidwa paliponse. Pansi wosambira amapuma trimix, mpweya wosakaniza okosijeni, hiliyamu ndi nayitirojeni. Pokwera amasinthira ku mpweya wa okosijeni wambiri kuti mipweya yosungunuka ituluke msanga: wa magawo 50 pa 100 akafika pa mamita 21, ndi okosijeni weniweni akafika pa mamita 6. Kupanikiza kwa okosijeni sikuloledwa kupitirira bar 1.4 pamene akugwira ntchito, kapena 1.6 pamene waima. Popeza kupuma m'botolo lolakwika pa kuya kolakwika kwapha anthu ambiri, botolo lililonse limayezedwa ndi mwini wake asadalowe m'madzi, limalembedwa kuya kwake komalizira ndi manambala akuluakulu, ndipo mnzake amatsimikizira asadasinthe. Ulendo umawerengedwa ndi mpweya wapadera woti ukwanire botolo limodzi litatayika.

Boesmansgat idaphunzitsanso phunziro lina. Mu Okutobala 2004 Dave Shaw wa ku Australia adapeza pa mamita 270 thupi la Deon Dreyer, mnyamata amene adasowa m'phangalo mu 1994. Pa 8 Januwale 2005 adabwerera kukalitenga, ndipo adafera pansi pomwepo. Kamera ya pachipewa chake idajambula zonse, ndipo madokotala Simon Mitchell, Frans Cronjé ndi anzawo atazifufuza adapeza kuti mpweya wopanikizika udali wolemera kwambiri mwakuti sadathe kutulutsa kaboni dayokisaidi pamene ankalimbana ndi chingwe chimene chidamukola. Mnzake Don Shirley, amene adamutsatira mozama, adagwidwa ndi matenda a timathovu m'khutu ali pakati pokwera ndipo adatsiriza maola otsala akusanza, atagwiriridwa ndi anzake. Mu 2016 Gavin Anthony ndi Mitchell adasindikiza malire a kulemera kwa mpweya wopuma: magalamu 5.2 pa lita ndiwo oyenera, ndipo 6.2 asapitiriridwe.

Lamulo limene lidafalikira lisadayesedwe

Nkhani yophunzitsa kwambiri ofufuza ndi ya kuima mozama. Richard Pyle, katswiri wa nsomba wa ku Hawaii, ankagwira nsomba m'madzi akuya, ndipo pokwera ankaima pakatikati kuti aboole thumba la mpweya la nsombazo ndi singano. Adaona kuti masiku amene waima chonchi satopa kwambiri akatuluka. Adalemba zimenezi m'zaka za m'ma 1990, ndipo zidagwirizana ndi masamu atsopano a David Yount ndi Bruce Wienke, amene ankati kuima koyambirira kukhale kozama kuti timathovu tisakule n'komwe. Panali kale umboni wochokera ku makina a Doppler wakuti timathovu timapezeka m'magazi ngakhale mwa osambira osadwala, choncho maganizowa adamveka anzeru. Mu 1998 Erik Baker adafotokoza njira yosinthira masamu a Bühlmann, yotchedwa gradient factors, imene idalola wosambira kukokera malo oyamba kuima pansi. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 2000, kuima mozama kudali ngati lamulo, ngakhale kudali kusadayesedwe pa anthu moyerekeza ndi njira yakale.

Bungwe loyesa za kusambira la asilikali a ku America, Navy Experimental Diving Unit, ndilo lidachita kuyesako, ndipo lipoti la David Doolette, Wayne Gerth ndi Keith Gault lidatuluka mu 2011. Osambira ankapita pa mamita 52 kwa mphindi 30 akupuma mpweya wamba ndi kupalasa njinga. Nthawi yonse yoima pokwera idali yofanana, mphindi 174, koma gulu lina linkayamba kuima pa mamita 21 ndipo lina pa mamita 12. Kafukufukuyu adaimitsidwa ali pakati: mwa maulendo 198 oima mozama, 10 adathera m'matenda, pamene mwa maulendo 192 a njira yakale adali 3 okha. Kufotokoza kwake kudali m'masamu a Haldane omwe aja. Pamene wosambira waima mozama kuteteza ziwalo zodzaza msanga, ziwalo zochedwa zimapitiriza kudzaza, ndipo nthawi yozitulutsira pafupi ndi kumtunda imakhala itachepa.

Otsutsa adanena, ndipo adali ndi mfundo, kuti maulendowo sadafanane ndi a osambira a trimix amene amasinthira ku okosijeni. Mu 2017 Enzo Spisni ndi anzake ku Italy adayerekeza njira ziwiri pa ulendo wa trimix wa mamita 50, ndipo adapeza zizindikiro zochuluka za kutupa m'magazi mwa otsatira njira yoima mozama kwambiri. Kuyambira pamenepo osambira ambiri abweza malo oyamba kuima kumtunda pang'ono ndi kutalikitsa nthawi ya pa mamita omalizira. Pyle adafotokoza moona mtima zimene adaona. Cholakwika chidali kusandutsa zomva m'thupi mwa munthu mmodzi ndi masamu osayesedwa kukhala lamulo la anthu masauzande. Zoterezi ofufuza zaumoyo amazidziwa bwino kuchokera ku mankhwala amene adatchuka asadayesedwe mokwanira.

Kafukufuku wina adaonetsanso kuti tebulo limodzi siliteteza anthu onse mofanana. Mu 1989 magulu a Richard Moon ndi Peter Wilmshurst adaonetsa kuti kabowo ka pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, kamene kamatsala kosatsekeka mwa munthu mmodzi pa anayi alionse, kamalola timathovu kudumpha mapapo n'kulowa m'mitsempha yopita ku ubongo ndi kumsana. Mu 2007 asilikali a ku America adapeza kuti kufunda pansi n'kuzizidwa pokwera kumachulukitsa matendawa kwambiri, chifukwa thupi lofunda limadzaza msanga ndipo lozizidwa limachedwa kutulutsa.

Amene chidziwitsochi sichidawafikire

Osambira a trimix ndi ochepa, ndipo ambiri ali ndi ndalama zogulira makompyuta awiri ndi inshuwalansi. Katundu wamkulu wa matendawa ali pa anthu ena. Ku Honduras ndi ku Nicaragua, amuna a mtundu wa Miskito amalowa m'madzi kambirimbiri pa tsiku kugwira nkhanu zam'nyanja zogulitsa kunja, kawirikawiri opanda choyezera kuya kapena choonetsa mpweya wotsala, ndipo amalipidwa malinga ndi kulemera kwa zimene agwira. Malipiro oterewa amalanga munthu woima pokwera. Mu Ogasiti 2021 khoti la ufulu wa anthu la mayiko a ku America lidapereka chigamulo pa mlandu wa osambira 42 a mtundu wa Miskito, ndipo boma la Honduras lidavomereza kuti lidalephera kuwateteza. Zimene zidawachitikira sizisiyana ndi za asodzi a ku Kalymnos zaka zoposa 100 m'mbuyomo: zipangizo zidafika, koma maphunziro, kuyang'anira olemba ntchito ndi chipinda chochizira zidatsalira.

Mbiriyi imakhudzanso nyanja ya Malawi, kumene alendo amaphunzira kusambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, ndipo ena amagwira mbuna zogulitsa kunja. Nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, kupitirira malire a mamita 300 amene matebulo wamba adapangidwira, choncho phunziro la Silvaplana limagwiranso ntchito pano. Msewu wochoka kunyanja nawo umakwera: Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200 ndipo Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000. Munthu amene watuluka m'madzi n'kukwera galimoto nthawi yomweyo amakhala akupitiriza kuchepetsa kupanikiza pa thupi lodzaza nayitirojeni. Pa ulendo wa pandege, malangizo a Divers Alert Network ndi kudikira maola osachepera 12 pambuyo pa ulendo umodzi wosafunika kuima, maola 18 pambuyo pa maulendo angapo, ndi nthawi yotalikirapo ngati padali kuima pokwera.

Kwa wogwira ntchito pachipatala cha m'mbali mwa nyanja, zofunika kwambiri n'zimene Pol, Watelle ndi Bert adaziona kale. Zizindikiro zimayamba munthu atatuluka, kawirikawiri m'maola ochepa oyambirira, ndipo pafupifupi nthawi zonse tsiku lisadathe. Wodwala wobwera ndi ululu wa paphewa kapena pachigongono, dzanzi, kufooka kwa miyendo, chizungulire kapena kulephera kukodza afunsidwe ngati adalowa pansi pa madzi ndi botolo kapena paipi ya mpweya, adafika pati, adakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo adakwera motani. Agonekedwe, apatsidwe okosijeni wochuluka mmene kungathekere mosadukiza, apatsidwe madzi, ndipo ayezedwe mphamvu ya manja ndi miyendo mobwerezabwereza uku akufunsira malangizo a kumene kuli chipinda chochizira. Zizindikiro zikachepa atapuma okosijeni, okosijeniyo asachotsedwe msanga, chifukwa zimatha kubwereranso.